Pachigayo cha mpunga ku Chama

Basi yochokera ku Lundazi imakutulani pa boma la Chama fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Msika musachite kufunsa, ingotsatirani njinga zolemedwa ndi matumba. Ino ndi nyengo yokolola, mpunga wa m'madambo a chigwa cha Luangwa ukulowa mbali zonse, wina wa kwa Tembwe, wina wa kwa Chikwa. Amayi akuyeza ndi meda, kunenerera kukuchitika m'Chisenga, ndipo wogula wochokera ku Lusaka wangoti chete, akudikira dzuwa lipendeke kuti ogulitsa afewe.

Ine ndinakhalitsa pachigayo, poti mpomwe mtengo umasinthira. Mpunga wolowa ndi makoko ndi wa mlimi wofuna ndalama lero lomwe. Ukatuluka woyera, wosefedwa, wosweka uli pawokha, phindu lake limakhala la wina. Pakhomo panakhala mnyamata ndi kope pamwendo, wophunzira zamalonda ku Copperbelt University ku Kitwe, amene anabwera kutchuthi kudzathandiza amalume ake.

"Amalume, matumbawa tikawasunga mpaka Disembala mtengo ukwera."

"Nanga ngongole ya mwini galimoto ulipira ndiwe, mphwanga?"

Onse awiri ankanena zoona. Za m'kalasi zija, kusunga katundu, mayendedwe ake, ndalama za mayiko ena, pano zimagwirika ndi manja. Malawi ali pafupi chakum'mawaku, naye ndalama yake ndi kwacha. Pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa ku Rumphi kapena Mzimba wodzagula kuno anapeza thumba lake litapepuka, pomwe wa ku Chama wokagula uko anabwerako akumwetulira. Bungwe la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lusaka, lili ndi njira yofewetsa mapepala a pachipata kwa amalonda ang'onoang'ono. Mnyamatayo anaiwerenga m'buku; amalume ake amadziwa tinjira ta njinga zamoto.

Kuti mpunga uno ungapite patali, a bungwe la COMACO anaonetsa kale. Amagula kwa alimi a m'chigwachi, n'kuulongedza m'mapaketi a It's Wild! omwe mumawapeza m'masitolo a ku Lusaka. Mpunga ndi womwewo, chawonjezeka ndi dzina, sikelo yokhulupirika ndi msika wodziwika. Kwa ine, digiri ya zamalonda yosafika pamenepa ndi pepala chabe.

Kuchoka pachigayo ndinalowera kumsewu wa ku Matumbo, umene umawoloka Luangwa n'kukakumana ndi Great North Road yopita ku Nakonde ndi Tanzania. Chama anasamutsidwira ku chigawo cha Muchinga mu 2011, n'kubwezedwa ku chigawo cha Kum'mawa mu 2021. Oyendetsa malole amene ndinawapeza akumanga matumba analibe nazo ntchito zimenezo. Nkhawa yawo inali kutulutsa katundu mvula isanadule misewu ya kumidzi.