Mayi wa geni wakhala pa mpando wa alendo

Sukulu iliyonse ili ndi mpando umene imasungira mlendo wolemekezeka. Amene wakhalapo amakhala atauza kale ana, asanatsegule n'komwe pakamwa, kuti sukuluyo ikufuna adzakhale anthu otani. Pamene ine ndinali ku pulayimale, m'nthawi ya chipani chimodzi, pa mpandopo pankakhala bwanamkubwa, woyendera sukulu, abusa kapena wapampando wa chipani. Mayi akaitanidwa, ndiye kuti ndi namwino wovala zoyera kapena mkazi wa bwana wina. Mayi wa geni ankathera kunja kwa bwalo, pansi pa mtengo, ndi beseni lake la mandasi ndi zitumbuwa.

Geni inali mawu oopsezera ana. Mtsikana akalakwa samu, aphunzitsi ankati, "Iwe ukapitiriza chonchi udzagulitsa tomato pamsika." Tonse tinkaseka, chonsecho ambiri a ife tinali m'kalasimo chifukwa cha tomato yemweyo. Nthawi imeneyo pulayimale inali yolipira, ndipo fizi yanga inkachokera pa mfundo ya chitenje cha amayi anga, amene ankapikula usipa n'kumagulitsa pamilu. Ankadziwa mwezi umene nsomba zimakwera mtengo, ankadziwa woyenera kumukongoza ndi woyenera kumukaniza, koma palibe ankaona kuti imeneyo ndi nzeru yoti mwana n'kuphunzira. Amayi olimba mtima amene ankakwera basi kukaoda katundu ku Lusaka kapena ku Harare ankanenedwa kuti ndi oyendayenda, ndipo amuna awo ankasekedwa kuti akulamulidwa pakhomo.

Ife atsikana tinkaloseredwa ntchito zitatu: uphunzitsi, unamwino ndi ulembi wa mu ofesi. Tinkaphunzira kusoka ndi kuphika kuti tidzasunge bwino banja, osati kuti tidzatsegule shopu ya telala kapena malo odyera. Wotenga mimba ankachotsedwa sukulu osabwereranso, mpaka mu 1993 pamene boma linalola kuti mtsikana akabereka azibwerera m'kalasi.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Pamene zaka za m'ma 1990 zinkayamba, Mayi Joyce Banda anakhazikitsa bungwe la amayi ochita bizinesi la NABW, ndipo amayi amene mabanki ankawabweza chifukwa chosowa chikole anayamba kupeza maphunziro ndi ngongole zing'onozing'ono. Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere, ana anakhamukira m'makalasi, ndipo patapita zaka omaliza Fomu 4 anachuluka kuposa mipando ya m'maofesi. Makolo anayamba kuona ana a satifiketi ya MSCE atakhala pakhonde, pamene mayi wa kaunjika akumanga nyumba ya malata. Kenako kunabwera banki mkhonde, amayi n'kumaponya masheya sabata ndi sabata ndi kugawana pakutha pa chaka. Kunabweranso Mpamba ndi Airtel Money, ndalama n'kumayenda pa foni. Pofika mu 2012 mayi yemwe uja wa NABW anali mtsogoleri wa dziko. Lero mwana wa sukulu amamva za Rachel Sibande amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, malo ophunzitsira achinyamata luso la kompyuta ndi bizinesi, komanso za Ngabaghila Chatata wa Thanthwe Farms ku Likuni, amene anasandutsa ulimi wa ndiwo zamasamba kukhala kampani yolemba anthu ntchito.

Kusinthaku ndinakuona ndi maso pa sekondale yoyendera imene mwana wanga amaphunzira. Pa tsiku lopereka mphoto, aphunzitsi aakulu anaitanira kutsogolo mayi wina wa m'dera lathu, amene anayamba ndi makina amodzi osokera ndipo tsopano amasoka yunifolomu za sukulu zingapo, ali ndi chigayo komanso atsikana amene amawaphunzitsa utelala. Anawaveka chitenje, amayi analuluta, ana anaimirira. Sanawalemekeze chifukwa chopereka matumba a simenti. Anawalemekeza chifukwa teremu iliyonse amabwera kudzacheza ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, n'kumayankha mafunso awo.

Zimene amawauza anawo n'zimene silabasi siinena momveka chonchi. Amati mpamba si wako, ndi wa bizinesi, ndipo ukaudya wadya mbewu. Amati ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe m'kope tsiku lomwelo, ngakhale imene watenga wekha kugulira mchere. Amawachenjeza za katapila, ndi za m'bale amene amatenga katundu pangongole n'kumakwiya ukamukumbutsa. Anawafotokozeranso zimene zinachitika mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: amene anagulitsa nsalu pa mtengo wakale anasangalala kuti katundu wayenda msanga, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalama zawo sizikukwananso kudzaza mashelefu.

Pa tsiku lopereka mphoto lija mtsikana wina anafunsa funso limene makolo tonse tinali nalo mumtima. "Mayi, ngati inu munafika pamenepa osamaliza sukulu, ife tikuvutikiranji ndi mayeso?" Mayiwo sanabise. Anati kulekeza Fomu 2 kunawadyera ndalama zambiri: anasayinapo pangano limene sankalimvetsa, ndipo mpaka lero amalipira munthu wowawerengera za msonkho ndi kuwalembera makalata opempha kontirakiti. "Mwanawe, ine ndinayenda njira yozungulira. Iwe maliza sukulu, geni udzaichita ndi maso awiri."

Yankho limenelo ndi limene linandikhutiritsa kuti sukulu yachita bwino. Mantha anga anali oti ana angatengeke ndi chuma cha mayiwo n'kuiwala makope. Koma mayi amene analawapo phindu ndi kuluza komwe amakhulupirika kwa ana kuposa ife makolo tikamalalikira za maphunziro. Anyamatanso anaphunzirapo, poona aphunzitsi awo aamuna akuimirira kupereka ulemu kwa mayi amene chuma chake anachipeza ndi manja ake.

Ndikulakalaka ulemu umenewu usathere kwa okhawo amene ali ndi zigayo ndi magalimoto. M'dera la sukulu iliyonse muli mayi amene waphunzitsa ana onse mpaka ku koleji ndi geni ya nthochi, ndi wina amene wasunga bokosi la banki mkhonde zaka zambiri osasowetsa tambala. Makomiti a sukulu ndi magulu a amayi amawadziwa mayina ndi nyumba zawo. Awaitane, awapatse piriyodi yeniyeni pa ndandanda wa maphunziro, ndipo ana abwere ndi makope kudzalemba zimene amve.