Kalata yochokera ku Arava

Okondedwa Amayi ndi achimwene,

Ine ndili bwino, kaya inu ku Mitunduko.

Munafunsa za tauni. Ndikapuma ndimakwera basi kupita ku Be'er Sheva, Beereseba yemwe uja wa chitsime cha Abrahamu. Nyumba zake n'zosanjikizana, misewu yosalala, koma anthu ake, Amayi, moni sapereka! Munthu mukhala naye mpando umodzi, iye maso pa foni mpaka kukatsika. Lachisanu dzuwa likapendeka mabasi amaima, masitolo ambiri n'kutseka mpaka Loweruka madzulo chifukwa cha Sabata. Zinthu ndiye kudula kwake! Ndikawerengera mashekeli m'makwacha, nyama ndimaibweza. Zikatero ndimalakalaka phokoso la pa msika wa Mitundu.

Achimwene, za mavwende zija mvetserani. Kuno ku Arava mvula ya chaka chonse kawirikawiri siifika mamilimita 50, nthaka ndi mchenga, madzi ndi amcherechere, koma mavwende amatuluka ndi malole. Fetereza sitithira ndi manja. Timasungunula wa nayitrojeni m'thanki, pampu n'kumamulowetsa m'mapaipi odontheza madzi pa tsinde lililonse. Mbewu imadya pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ngati mwana womwetsedwa phala. Mukathira wambiri kamodzi, madzi amamutsitsa pansi pomwe mizu siifika. Timawonjezera feterezayu mavwende akamayanga ndi kuyamba kubereka, koma akayandikira kupsa timachepetsa, chifukwa nayitrojeni akachuluka masamba ndiwo amakondwa, vwende limachedwa kupsa ndipo silitsekemera. Mapaipiwa anayamba kupangidwa m'dziko lomwe lino mu 1965, ku Hatzerim, pafupi ndi Be'er Sheva. Tsopano ndimatha kuyendetsa ndekha makinawa, ndipo ndimanyadira.

Chimandiwawa n'chakuti ife tili ndi mtsinje wa Diamphwe wotsika ku Dzalanyama, koma tikuthyokabe msana ndi makheni. Ndalama ndatumizazo musagulire malata kaye. Gulani mgolo, sefa ndi mapaipi a kudimba. Mumgolomo muziika urea, amasungunuka yense. CAN amasiya zinyalala zotseka timabowo.

Za nkhondo ya kuno musade nkhawa kwambiri, kuno kuli zipinda zobisalamo. Ufa timaupeza, Amayi, koma nsima yake siikoma munthu ukamadya wekha. Anzanga ambiri a m'munda ndi a ku Thailand, timangolankhulana ndi manja.

Mundiyankhe msanga, mundiuze ngati mbewu mwagula.

Ndine mwana wanu.