Pansi pa puloti pali ciani?

Ife amene tinakulira ku Misisi ndi ku Chawama timakudziwa bwino kulira kwa nyundo. Amayi athu anali kukhala m'mbali mwa mseu tsiku lonse, kuphwanya miyala, kuyembekezera wogula wilibala imodzi. Ndalama za sukulu zinacokera mmenemo, ndiye sitinganyoze. Koma mwala uliwonse umene unamanga Lusaka unasiya dzenje kwinakwake. Damu ya Ngwenya, kumene anali kutiletsa kusambira, ndi mugodi wakale wa miyala umene unadzala madzi.

Maenje oonekawo timawalambalala. Oopsa ndi aja anakwiriridwa ndi zinyalala ndi dothi, wina n'kugulitsa malowo monga puloti. Pakapita zaka ziwiri zitatu, cipupa cang'ambika, citseko cakana kutsekeka, ife n'kuyamba kunena womanga kuti anaba simenti.

Pali makina ochedwa ground penetrating radar amene angaone zimenezi popanda kukumba. Amawakankha pansi monga kangolo. Amatumiza mafunde a wailesi m'nthaka, ndipo mafundewo akafika pamene dothi lasanduka mwala, madzi kapena mphako, ena amabwerera. Makinawo amayeza nthawi imene atenga kuti abwerere, ndipo pa sikirini pamatuluka mizere yopindika imene wodziwa nchito amawerenga: apa ndi pamene dzenje lakale linathera, apa pansi pali pululu. Si mankhwala a zonse ai. M'dothi la makande lonyowa mafundewo amafa msanga, mwina osafika ngakhale mita imodzi, conco nthawi yabwino yopimira ndi cilimwe.

Kwa ife nkhaniyi ndi ya madzi akumwa. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, umene madzi amaudya pang'onopang'ono n'kusiya ming'alu ndi mphako. Tikacotsa dothi ndi mwala wapamwamba, tacotsa sefa. Za m'cimbudzi cokumba zimayenda m'ming'alu ija mpaka pa citsime ca aneba. Tonse tikumbuka kolera ya 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala.

Lero ena mwa ife tayamba kusunga tundalama twa puloti. Tikapita kukaona malo timafunsa za mapepala, za malire, za mtunda wokafika pokwerera basi. Agogo okhala pafupi, amene aona malowo kuyambira kale, amangotiyang'ana. Iwo akumbuka kuti pamene taimapo panali dzenje lomeza lole yathunthu.