Mphepo ya mu Ogasiti

Lero m'mawa ndikuyanika zovala kuno ku Pamodzi, mphepo yandilanda chitenje n'kukachikoleka pampanda wa aneba. Ndaima kaye n'kuganiza: mphamvu yonseyi ikungopita pachabe?

Magetsi athu ambiri amachokera kumadzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula ikagwa bwino ngotsika mtengo, alibenso utsi. Koma chilala cha 2024 sindidzachiiwala. Tinkatha tsiku lathunthu opanda magetsi, ndiwo zinkawola m'firiji, tonse tinabwerera pambaula. Thumba la malasha linakwera mtengo, nkhalango n'kumatha.

Makina opangira magetsi ndi mphepo ngodula, ndipo mphepo ikaleka nawonso amaima. Komatu imawomba kwambiri m'chilimwe, nthawi yomwe madzi akuphwera ku Kariba. Ndikulakalaka nditawaona makinawa akuzungulira muno m'Zambia ana anga asanakule.