Phulusa la mankhusu a mpunga mu konkire

Ntchito yanga ndi yophwanya konkire. Ndimasakaniza simenti, mchenga ndi kwale, n'kuthira m'zikombole zachitsulo za mamilimita 150 mbali zonse. Timabuloko tikauma ndimativiika m'madzi, ndipo pa tsiku la 7 ndi la 28 ndimatipanikiza pamakina mpaka titasweka. Nambala imene makina aimirapo ndiyo imanena ngati konkireyo ingasenze nyumba.

Chinandilowetsa mu ntchitoyi ndi zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009. Nyumba zambiri zimene zinagwa zinali za njerwa zomangira matope, makoma ake osagwirana bwino m'makona. Eni ake sanasankhe matope chifukwa chowakonda ayi, simenti ndi yodula. Choncho funso langa lakhala limodzi: tingachepetse bwanji simenti popanda kufooketsa nyumba?

Komweko ku Karonga, kumene amalima mpunga wa Kilombero, mankhusu amangounjikana kuseri kwa zigayo. Mukawatentha pang'onopang'ono, moto osapitirira madigiri 700, amasiya phulusa lotuwa lodzaza ndi silika. Mukalipera mpaka lisalale ngati ufa, limagwirana ndi laimu amene simenti imatulutsa ikanyowa, n'kutseka timabowo ta mkati mwa konkire. Moto ukakula kwambiri phulusalo lafa, lingokhala ngati mchenga. Ine ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo khumi a simenti n'kuikapo phulusa, ndipo sindipupuluma kuweruza pa tsiku la 7, chifukwa mphamvu yake imabwera mochedwerapo.

Vuto lake ndi ludzu. Phulusali limamwa madzi, konkire imalimba pa fosholo, ndiye anyamata amathamangira ndowa kuti ifewe. Apa m'pamene ndimakalipa. Madzi owonjezera posakaniza amadzasiya mabowo akauma. Madzi ochuluka amafunika pambuyo, kuthirira konkire m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, itafunditsidwa masaka onyowa.

Komabe konkire payokha sipirira chivomezi. Imalimba ikamapanikizidwa koma imang'ambika ikakokedwa, pomwe chivomezi chimakankha nyumba cham'mbali, uku ndi uku. N'chifukwa chake ndimauza amisiri anzanga kuti ring'i bimu izungulire nyumba yonse osaduka, zitsulo zipindike n'kupitirira pakona, maring'i omanga zitsulozo athithikane pamene mzati wakumana ndi bimu, ndipo nsonga za maring'iwo zipindidwe madigiri 135 kulowa mkati kuti zisatseguke nthaka ikayamba kugwedezeka.