M'munda wa Minga ku Solapur

Minga ndi imene inayamba kundilonjera. Nditangolowa m'munda m'mawa wina wa mu Januwale, ndinatambasula dzanja kuti ndigwire duwa lachikasu, n'kulibweza msangamsanga chala chikuchucha magazi. Mayi amene ankandionetsa malowo anaseka. "Pepani bambo, kardai sagwiridwa choncho."

Kardai ndi dzina la mbewuyi m'chinenero cha Marathi. M'Chihindi amati kusum, pa Chingerezi safflower. Ndi mbale wake wa mpendadzuwa, ndiponso wa chisoso chathu chija. Kuno ku Solapur, m'chigawo cha Maharashtra ku India, amadzala kardai mvula ikamatha, cha mu Okutobala, pa dothi lakuda la makande. Muzu wake umazama kwambiri, motero amakula ndi chinyontho chotsalira pansi.

Munda wa ofufuza sufanana ndi wa mlimi. Kumutu kwa mzere uliwonse kuli chikhomo cholembedwa M1, M2 kapena M3, ndipo mitu yambiri ya maluwa yavekedwa timatumba toyera, kukhala ngati ana a sukulu ovala zipewa. Timatumbato n'totsekereza njuchi, kuti duwa lililonse lidzipatse lokha mungu. Njuchi imodzi yokha ikhoza kusokoneza ntchito ya chaka chathunthu.

Tisanayende m'mizeremo, ananditengera m'kachipinda kena kumene zonse zimayambira. M'kabati yokhoma munali kabotolo ka mankhwala oyera ngati madzi, otchedwa ethyl methanesulfonate, kapena EMS mwachidule. Sanandilole kukakhudza, ndipo sindinachite makani, poti mankhwalawa amayambitsa khansa. Nthawi yodzala ikakwana, amaviika njere m'madzi, kenako m'madzi ena othiramo EMS wosafika ndi gawo limodzi pa 100, kwa maola angapo. Akatero amazitsuka m'madzi oyenda n'kukazidzala. Ena amagwiritsa ntchito sodium azide.

Chimene EMS amachita n'chochepa kwambiri, koma chimapita patali. Malangizo a moyo wa mbewu, DNA, amalembedwa ndi zilembo zinayi: A, C, G ndi T. EMS amamatirira pa G, ndipo selo ikamakopera malangizowo imawerenga molakwika, mpaka pamene panali G pamakhala A. Samasankha polasa. Amaponya mwala mumdima, ugwere pomwe wagwera.

Zotsatira zake ndinaziona titabwerera panja. Mizere ya M1, ya njere zoviikidwa zija, inali ya mipatamipata ngati mano a nkhalamba: zina sizinamere, zina n'zopinimbira, zina zili ndi maluwa koma sizidzabereka. Ku M2, kumene kuli ana a mbewu zimenezi, n'kumene zobisika zimatulukira, chifukwa zosintha zambiri zimaoneka pokhapokha chomera chikazilandira mbali zonse ziwiri. Mayi aja anandiuza kuti timbewu tina timamera toyera mbee, topanda kubiriwira, n'kufa tisanathe milungu iwiri. Anandionetsa chomera china cha nthambi zambiri, china chimene chinafulumira kuchita maluwa. Koma chimene akufuna sichioneka ndi maso. Chili m'mafuta.

Ndiye tinalowa m'chipinda chozizira, momwe mnyamata wina anali atawerama pa tebulo ndi kalumo. Anasenda njere imodzi yoyera ya zokolola za chaka chatha, n'kudula kachibenthu kumbali kopanda mluza. Kachibenthuko kanapita m'kabotolo, mbali yotsalayo m'kaenvulopu ka nambala. Njereyo ikadali yamoyo. Kachibenthu kakapambana mayeso, mbali inayo idzadzalidwa. Ndinamuwerengera njere 20 ndipo sanadzutse mutu.

Makina a gas chromatograph ndi amene amapereka chigamulo. Pa kompyuta pamatuluka mzere wa timapiri, kaphiri kalikonse kuimira asidi mmodzi wa m'mafuta: palmitic, stearic, oleic, linoleic. Mu kardai wamba phiri la linoleic limaposa onse, magawo opitirira 70 pa 100. Mafuta otere thupi limawafuna, ndipo opanga penti amawakonda chifukwa amauma osasanduka achikasu, koma pamoto sapirira, ndiponso sachedwa kuyamba kafungo. Wokazinga amafuna oleic. M'njere muli enzyme yotchedwa FAD2, imene imasandutsa oleic kukhala linoleic. EMS akalasa jini yake, ntchitoyo imaima, oleic amaunjikana, timapiri tiwiri tija n'kusinthana msinkhu. Akalasa kwina, mwina ndi stearic amene angakwere. Nthawi zambiri, timapiri sitisuntha n'komwe.

Pano pali chodabwitsa. Kardai wa oleic wambiri amene amalimidwa ku America sanachokere m'botolo. Paul Knowles wa pa University of California, Davis, anaugwirira ntchito mkhalidwewu m'zaka za m'ma 1960, m'njere zochokera ku India konkuno, zimene zinasintha zokha. Mankhwala anaonetsa mphamvu zawo pa mpendadzuwa: mu 1976, Soldatov wa ku Krasnodar ku Russia analengeza za mtundu wa Pervenets, umene anaupeza poviika njere mu dimethyl sulfate. Kwa ine, ulemu sukuyenera kupita kwa kabotolo kaja, koma kwa mnyamata wa kalumoyu.

Ndinafunsa mayi aja ngati kaphiri ka oleic kakangokwera ndiye kuti apata. Anapukusa mutu. Kutentha kwa nyengo pamene njere zikukhwima nako kumasuntha timapiriti, choncho njere yoteroyo iyenera kudzalidwa, ana ake ayezedwe ku M3, adzukulu ku M4, kuti aone ngati mkhalidwewo ndi wamtundu.

Potuluka ndinadutsanso m'mizere ija manja ndili nawo m'matumba. Kukolola kudzayamba chakumapeto kwa Febuluwale, ndipo odula amalawirira mbandakucha, mame asanaume, minga ikadali yofewa.