Mwala Ulankhula Usanagwe

Abale anga a pa mgodi, ine ndikhala ku Tsvingwe, m'Penhalonga, pafupi ndi Mutare, kumene makolo athu ochokera ku Nyasaland anakumba golide. Mu January 2024 nthaka inagumuka pa mgodi wa Redwing, nitsekera amuna 15 pansi. Anatuluka onse amoyo patapita masiku angapo, koma mwai wotere sudza kawiri.

Ine ndikalowa m'njira yopapatiza, ndiyamba ndagogoda denga ndi chitsulo chachitali. Mwala wolimba ulira ngwee. Wong'aluka ulira ngati ng'oma. Ndikamva ng'omayo ndibwerera, ngakhale golide aoneke ndi maso. Anzanga ena andiseka kuti ndine wamantha. Aseke ndithu. Ana anga afuna kulandira atate ao, si chisoti chokha ai. Gogodani, abale, musanalowe.